Mmene Buku Lopatulika Linafikira m'Manja mwa Amai

Mai wa Chigwirizano akamanyamuka kupita ku msonkhano angathe kuiwala ambulera, angathe kuiwala ndalama ya chopereka nabwerera panjira, koma Buku Lopatulika ndi buku la Nyimbo za Mulungu saiwala. Ena amawakulunga m'kansalu, ena amawaika m'pepala la pulasitiki kuopa mvula. Tawazolowera kotero kuti sitifunsanso kumene anachokera, kapena kuti amai amene anatitsogolera anayamba liti kukhala nao. Tsono popeza pa nthawi ya chikondwerero timakonda kukumbukira atsogoleri, yunifolomu ndi nyumba zimene tamanga, ine ndasankha kulemba za Bukulo, ndi za njira imene linayenda kuchokera pa tebulo la omasulira kufikira pa mphasa ya mai wa kumudzi. Njirayo inali yaitali, ndipo mbali yake yaikulu inayendedwa ndi miyendo ya akazi.

Mau analowera kukhutu

Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Cape, anakhazikika pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, pa 28 Novembala 1889. Anzao a ku Scotland anali atayamba kale ntchito, a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876. Dr. Robert Laws anali atamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja, nachisindikiza mu 1886. Ku Blantyre nako David Clement Scott anali kumasulira m'Chimang'anja, natulutsanso buku lake lalikulu lotanthauzira mau mu 1892. Kotero mabuku analipo, koma anali owerengeka, ndipo lililonse linali kulankhula monga anthu a kumene linalembedwera. Mchewa wa ku Dowa pomva Chimang'anja anali kumva ndithu, koma monga munthu womvetsera mlendo.

Ntchito inafalikira msanga. Kongwe inatsegulidwa mu 1894, Nkhoma mu 1896, Mlanda mu 1902, Mphunzi mu 1903, ndi malo ena pambuyo pake. Koma tisaganize kuti Chikhristu chinakulira pa mishoni. Chinakulira m'midzi, m'kanyumba kaudzu kamene pakati pa sabata kanali sukulu ndipo tsiku la Sabata kanasanduka kachisi. Mphunzitsi wa m'mudzi ndiye anali zonse: ndiye woomba chitsulo choitanira anthu, woyambitsa nyimbo, wowerenga, wolalika ndi wophunzitsa a m'kalasi. Buku linali m'manja mwake yekha. Poyimba, iye anali kutchula mzere umodzi, anthu nauyimba, natchulanso wina, kufikira nyimbo yatha. Malamulo Khumi, Pemphero la Ambuye, Chikhulupiriro cha Atumwi ndi mayankho a Katekisma, zonsezi anthu anali kubwereza pambuyo pake kufikira zitakhazikika pamtima.

Chipembedzo chotere sitiyenera kuchipeputsa. Pa Nehemiya 8 timawerenga kuti anthu obwera kuchokera ku ukapolo anasonkhana pabwalo, amuna ndi akazi pamodzi, ndipo Ezara anawawerengera buku la chilamulo kuyambira m'mawa kufikira dzuwa lili pamutu. Buku linali limodzi, wowerenga mmodzi, Alevi akumasulira kuti anthu amvetse. Anthuwo analira, kenaka anauzidwa kuti apite akadye, akamwe, ndi kutumiza chakudya kwa amene sanakonzeretu kanthu. Wolemba nkhaniyo anasamala kutchula akazi pakati pa omverawo. Agogo athu pansi pa denga laudzu anali pa bwalo lomwelo la Ezara.

Komabe pali kusiyana pakati pa munthu womva Mau kamodzi pa sabata ndi munthu amene angathe kutsegula yekha usiku mwana akatentha thupi. Ndipo pa nkhani ya kuwerenga, atsikana anatsalira kutali. Mtsikana anali ndi mtondo womudikira, mtsuko, nkhuni ndi mwana wa kumsana. Makolo ambiri sanaone chifukwa chomutumizira ku sukulu, ndipo m'midzi ina sukulu inali pa mkangano ndi dambwe ndi chinamwali. Amishoni anayesa njira ina. M'zaka za m'ma 1890 Mai Martha Murray anayamba kusunga atsikana pa Mvera, ndipo nyumba zotere za atsikana zinatsegulidwanso pa mamishoni ena. Kumeneko anaphunzira kusoka, kusamala nyumba ndi ana, komanso kuwerenga. Ena anena kuti cholinga chachikulu chinali kukonzera aphunzitsi akazi oyenera, ndipo pali choonadi pamenepo. Koma taonani chimene chinatulukapo. Mtsikana wotere akakwatiwa ndi mphunzitsi, anali kupita naye kumudzi wakutali, ndipo kawirikawiri iyeyo ndiye anali mkazi woyamba amene amai a mudziwo anamuona akutsegula buku ndi kulankhula zolembedwamo. Zimene mwamuna wake analalika m'kachisi, iye anali kuzifotokozanso kumtondo ndi kuchitsime m'mau a akazi okhaokha.

Pa phiri la Kaso

Mu 1900 mamishoni anagwirizana kuti pakhale Baibulo limodzi la Chinyanja limene onse adzaligwiritse ntchito, kuyambira kuchigwa cha Shire kufikira kumapiri a Dowa. Katundu wamkulu wa ntchitoyi anagwera Mbusa William H. Murray, amene anafika m'dziko muno mu 1894 nakhala mtsogoleri wa mishoni yathu zaka zambiri. Kuti apeze bata, anali kukagwirira ntchitoyo pa phiri la Kaso, pafupi ndi Mvera. Sanali yekha. Anali ndi eni chinenero, monga Jonathan Sande, Ishmael Mwale ndi Wilibesi Chikuse, amene anali kumuuza ngati mau akumveka kapena ngati akungooneka bwino papepala. Ku Blantyre kunali Dr. Alexander Hetherwick, ndi Mbusa Robert Napier amene sanaone mapeto a ntchitoyo pakuti anaphedwa pa nkhondo mu 1918. Chipangano Chatsopano ndicho chinayamba kutuluka, ndipo panapita zaka zina zoposa khumi kuti Baibulo lonse lithe. Linasindikizidwa mu 1922, ndi dzina lakuti Buku Lopatulika ndilo Mau a Mulungu. Mu 1936 linakonzedwanso.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri pa buku limodzi! Wina angafunse kuti anachedwa ndi chiyani. Anachedwa ndi kusankha mau, pakuti mau aliwonse anali kale ndi eni ake. Mau akuti kachisi makolo athu anali kutchulira kanyumba kothirirako nsembe popempha mvula. Omasulira anawatenga nawapatsa Nyumba ya Mulungu ya ku Yerusalemu. Nsembe ndi wansembe anawatenganso komweko. Dzina lakuti Mulungu sanabwere nalo pa sitima, analipeza pakamwa pa anthu. Koma pa dzina la pangano la Mulungu wa Israyeli anaopa kutenga la kuno, nalemba Yehova, ndipo m'malo ena analeka mau a Chigriki akuti Eklesia osawamasulira. Panali kulimba mtima ndi kuchenjera pamodzi, ndipo sitingathe kuwaweruza mopepuka ife amene tinapeza nsima itapsa kale.

Maina amene timamva potchula omasulira ndi a amuna. Koma tsegulani Miyambo 27:22, pamene akunena za kusinja chitsiru, mudzapeza mtondo ndi munsi wathu womwewu. Mudzapezanso mtsuko, mbiya, lichero, mphero ndi nkhokwe m'malo ambirimbiri. Chichewa chimene a Sande ndi anzao anali kuuza Mzungu pa Kaso anachiyamwira kwa amai ao. Chifukwa chake Buku litafika kwa akazi silinafike ngati mlendo wofunika kumuyalira mphasa yatsopano. Linafika likulankhula za m'nyumba mwao.

Mbali ya amuna inali ndi mipata

Mu 1924 a Livingstonia ndi a Blantyre anagwirizana kupanga Mpingo wa C.C.A.P., ndipo Nkhoma analowa mu 1926. M'zaka zomwezo anadzozedwa abusa athu oyamba a kuno, Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza. Koma abusa anali ochepa, ndipo mpingo umodzi unali kutenga midzi yambirimbiri. Mgonero wa Ambuye unali kuchitika kangapo pachaka, anthu nayenda tsiku lathunthu kapena kuposa, ufa pamutu, mwana kumsana, kukagona pafupi ndi tchalitchi. Masabata ena onse, chipembedzo chinali m'manja mwa aphunzitsi ndi akulu a mpingo.

Ndipo amuna anali kuchoka. Msonkho wa boma unafuna ndalama, ndalama zinali ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Anapita ochuluka kotero kuti Mbusa Vlok anawatsatira ku Salisbury mu 1912 kukawasonkhanitsa, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inabala Sinodi ya Harare mu 1965. Ena anabwera ndi njinga ndi masutikesi patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Ena anasanduka machona, osalemba ngakhale kalata. Kwao kunatsala akazi, akulima okha, akufolera okha, akulera okha. M'kachisi, mmene amuna amakhala mbali yao ndi akazi mbali yao, mbali ya akazi inali yodzaza ndi ana pamiyendo, mbali ya amuna inali ndi mipata.

Nthawi imeneyi inapatsa akazi chifukwa china chofunira kuwerenga, chimene mabuku a mbiri satchula kawirikawiri. Kalata ikachokera ku Joni, mkazi wosawerenga anayenera kupita nayo kwa mphunzitsi kapena kwa mwana wa sukulu, ndipo zinsinsi za banja zinali kumveka mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Mai amene anaphunzira zilembo kuti aziwerenga yekha kalata ya mwamuna wake, anapeza kuti zilembo zomwezo zikutsegulanso Uthenga wa Yohane.

Pano tiyenera kunena chilungamo, ngakhale ndi pa chikondwerero. Akazi ndiwo anali ochuluka m'kachisi, koma gome linali la amuna. Kwa zaka zambiri mkazi sanaloledwe kulalika pamaso pa mpingo, kapena kukhala mkulu wa mpingo. Mau a Paulo pa 1 Akorinto 14 onena za kukhala chete kwa akazi anali kudziwika bwino. Nkhani ya Priskila pa Machitidwe 18, amene pamodzi ndi mwamuna wake Akula anatenga mlaliki wotchuka Apolo namlongosolera bwino njira ya Mulungu, sinali kutchulidwa kawirikawiri chotero. Kwa Achewa ichi chinali chachilendo, pakuti pa chipembedzo cha makolo mkazi sanali womvera chabe. Ku Msinja, pa kachisi wamkulu wa mvula, mtsogoleri anali Makewana, ndiye mkazi. Dr. Isabel Apawo Phiri analemba za zimenezi m'buku lake la mu 1997 lonena za akazi a Chichewa mu Sinodi ya Nkhoma. Sindikunena kuti tibwerere ku Msinja, iyai. Ndikunena kuti amai amene anatembenuka mtima anasiya zambiri, ndipo pa nthawi yoyamba anapatsidwa malo okhala pansi ndi kumvetsera.

Chigwirizano

Khomo loyamba linatseguka ndi chilangizo. Mpingo utaletsa chinamwali cha kumudzi, unaona kuti atsikana a Akhristu akukula opanda wowalangiza, ndipo ena anali kupita nao mobisa kwa anamkungwi. Tsono anasankhidwa amai okhwima m'chikhulupiriro kuti akhale alangizi, alangize atsikana potha msinkhu, polowa m'banja ndi poyembekezera mwana woyamba. Umenewu unali udindo weniweni wa mu mpingo, woperekedwa kwa akazi, ndipo mlangizi anayenera kudziwa Malembo pakuti mwambo wake unayenera kutsamira pamenepo.

Kenaka mu 1940 Chigwirizano chinayamba. Anzathu a ku Blantyre ali ndi Mvano, a ku Livingstonia ali ndi Umanyano. Maina atatu, mtima umodzi. Poyamba akazi a amishoni ndiwo anali kutsogolera, pambuyo pake akazi a abusa ndi amai osankhidwa pakati pa mamembala. Anthu akafunsidwa ntchito ya Chigwirizano amafulumira kutchula kuona odwala, kuthandiza okalamba, kusesa ndi kuzira m'tchalitchi, kuphikira alendo a mpingo. Zonsezo nzoona, ndipo Dorika wa ku Yopa sachita nafe manyazi. Koma kwa ine chinthu chachikulu chimene chinachitika mu 1940 ndi ichi: panapezeka tsiku pakati pa sabata limene mkazi anaimirira pamaso pa anzake, natsegula Buku, nawerenga mokweza, nanena yekha chimene Mauwo akutanthauza.

Taganizani mmene kuwerenga kumeneko kunalili. Mai amene anangofika kalasi yachiwiri kapena yachitatu ya sukulu ya m'mudzi, chala chili pa mzere, akuwerenga liu limodzilimodzi, akupunthwa pa maina a Chihebri, anzake akumuthandiza kuchokera pamtima pakuti ndimeyo anaimva kambiri. Wosawerenga sanali wopanda gawo. Iye anali kuloweza, ndipo nthawi zambiri woloweza ndiye anali kuposa wowerenga pofotokoza, chifukwa Mau anali atagona naye, nadzuka naye, napita naye kumunda. Mpaka lero mumawadziwa amai achikulire amene amanyamula Buku mokhulupirika, natsegula pamene anzao atsegula, koma mukawayang'anitsitsa muona kuti maso ao sali pa pepala. Musawaseke. Afunseni Salmo 23 kapena Yohane 14 muone ngati mungawapeze polakwa.

Abambo a mpingo sanausiye msonkhanowu wopanda diso. Anaika mkulu wa mpingo mmodzi, wotchedwa mkhalapakati, kuti azikhala pa misonkhano ya amai ndi kunyamula nkhani zao kupita nazo ku bwalo la akulu, kumene mkazi sanali kulowa. Ena mwa akuluwa anali anthu ofatsa ndi othandiza. Ena anaiwala kuti dzina lao likuti pakati, nakhala patsogolo. Amai okha amadziwa nkhani zimene sanathe kuzikamba bwino chifukwa panali mwamuna pakhomo. Koma ndimaganiza kuti mkhalapakati wanzeru anali kubwerera kunyumba ataphunzira kanthu, pakuti anali mwamuna yekhayo mu mpingo wonse amene anali kumva akazi akumasulira Malembo.

Nkhani ya Hulida pa 2 Mafumu 22 iyenera kuwerengedwa pa chikondwerero chilichonse cha amai. M'masiku a Mfumu Yosiya, pokonza Kachisi, mkulu wa ansembe Hilikiya anapeza buku la chilamulo limene linali litaiwalika. Mlembi Safani analiwerenga pamaso pa mfumu, mfumu ning'amba zovala zake ndi mantha. Tsono anafuna wina woti awauze ngati mau a m'bukumo ali oona ndi ngati tsoka likudzadi. Nthumwi zinali amuna asanu, mkulu wa ansembe ali pakati pao, ndipo anapita kwa mkazi, Hulida mneneri, mkazi wa Salumu wosunga zovala. Iye sanachite mantha, sanafewetse uthenga. Anawauza kuti chilango chidzafika, koma kuti mfumuyo, popeza inadzichepetsa, siidzachiona ndi maso ake. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti wolemba sakudabwa konse kuti anapita kwa mkazi. Akungonena kumene anali kukhala m'Yerusalemu, monga munthu wolozera njira ya kunyumba imene aliyense akuidziwa.

M'nyumba ya siwa

Ngati mufuna kudziwa kumene amai analalika kwambiri m'zaka zonsezi, musayang'ane m'tchalitchi. Pitani pa maliro. Mwambo wathu umaika amuna panja pa moto, ndi akazi m'nyumba pamodzi ndi thupi ndi ofedwa. Mbusa kapena mkulu wa mpingo amalalika masana, pabwalo ndi kumanda. Koma usiku ndi wautali, ndipo kuyambira madzulo kufikira tambala woyamba, m'nyumba ya siwa muli amai okha. Pamenepo palibe gome, palibe ndondomeko yolembedwa. Nyimbo ikatha wina amapemphera, wina natsegula Buku pafupi ndi koloboyi, kapena nanena pamtima, nalankhula kwa mnzake amene mwana wake wagona pamphasa pomwepo. Mau olankhulidwa pa malo otere sangakhale ongokometsera. Wolankhulayo kawirikawiri anaikapo wake mwana, ndipo womverayo akudziwa.

Nchifukwa chake amai amakonda nkhani ya Marita ndi Mariya pa Yohane 11. Alongo awiriwa anatumiza uthenga, Ambuye nachedwa, ndipo atafika onse awiri anamuuza mosabisa kuti akadafulumira mlongo wao sakadafa. Yesu sanawadzudzule chifukwa cha mau amenewo. Analankhula ndi Marita za kuuka kwa akufa, ndipo poona Mariya akulira, analira naye. Mlaliki wa masana amathamangira ku manda otseguka a Lazaro. Amai a usiku amachedwa pa masiku anai aja amene Ambuye anali asanafike, pakuti ndipo pamene ofedwa ali.

Chimodzimodzi ndi njala. Amene anaona njala ya 1949, kapena ya 2002 imene ambiri a ife tikuikumbukira, samva nkhani ya mkazi wamasiye wa ku Zarefati pa 1 Mafumu 17 monga nthano. Mkazi akutola nkhuni ziwiri kuti aphike ufa wotsiriza, adye ndi mwana wake, kenaka adikire imfa, ndipo mlendo akumupempha kuti ayambe wampatsa iye. Mai amene anakung'unthapo thumba la ufa ana akumuyang'ana amadziwa kulemera kwa pempho la Eliya kuposa buku lililonse lomasulira. Nzeru zotere sizinalembedwe m'magazini ya Mthenga kapena m'Kuunika, koma zinalera mpingo.

Mabuku atsopano, makutu akale

Mu 1962 amishoni anapereka ulamuliro wonse m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma, ndipo mu 1964 dziko linalandira ufulu. Mu 1968 chinenero chimene Baibulo linkachitcha Chinyanja chinatchedwa Chichewa, nichikhala chinenero cha dziko lonse, ndipo kalembedwe kake kanakonzedwa. Ana a sukulu anayamba kulemba ch pamene Buku lathu linalemba c yekha, ndi v pamene linalemba bv. Ndani wa ife sanamvepo mwana akuwerenga m'tchalitchi nakakamira pa liu lakuti cikondi kapena Cibvumbulutso? Amai ambiri amene anaphonya sukulu ali ana anakaphunzira ku sukulu za kwacha atakula, ena ali ndi zidzukulu, ndipo mukawafunsa chimene anapitira, yankho loyamba linali lakuti afuna kudziwerengera okha Baibulo. Kabuku ka Mlozo kanathandiza mabanja kukhala ndi ndime ya tsiku lililonse. Mu 1994 sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, atsikana nadzaza makalasi.

Mabaibulo enanso anabwera. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ntchito ya Bambo Louis Villy. Mu 1998 linatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira pamodzi m'Chichewa cha masiku ano, ndipo pamene Buku Lopatulika likuti Yehova, ilo likuti Chauta, dzina lija omasulira a pa Kaso analisiya. Mu 2014 Buku Lopatulika lomwe linatulukanso m'kalembedwe katsopano, mau ake osasinthika. Ndipo tsopano mabaibulo ambiri alowa m'foni, kotero kuti mtsikana angathe kukhala nao atatu m'dzanja limodzi.

Apa pali nkhani imene sitinaithetse, ndipo imatuluka m'misonkhano yathu ngakhale sitiilemba m'maminitsi. Mai wachikulire akamva ndime imene anailoweza ali mtsikana ikuwerengedwa m'mau ena, amaona ngati wina wasuntha miyala ya pa manda a amai ake. Mau akalewo ndiwo anamutonthoza pa siwa, sangawasinthanitse. Koma mtsikana wobadwira ku Lilongwe kapena ku Kasungu pa tauni amawerenga makalata a Paulo m'Buku Lopatulika, natchula liu lililonse bwinobwino, koma mukamufunsa chimene wamva amangoyang'ana pansi. Ziganizo zake ndi zazitali, zotsata kayalidwe ka Chigriki, ndipo mau ena anthu analeka kuwalankhula. Onse awiri ali ndi mlandu womveka. Maganizo anga ndi akuti Buku Lopatulika lisachoke pa malo ake, pakuti ndilo lili m'nyimbo zathu, m'mapemphero athu ndi m'makutu a okalamba athu. Koma pa phunziro la Mau, ndime ikawerengedwa m'Buku lakale, mtsikana aiwerengenso m'latsopano, ndipo tifunsane chimene tamva. Msonkhano udzatalika pang'ono. Alevi a pa Nehemiya 8 sanaope kutalikitsa msonkhano pomasulira, ndipo a Murray ndi a Sande sanakhale pa phiri zaka zonse zija kuti anthu azitchula mau osawamva.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi kuloweza. Agogo athu analibe mabuku, nasunga Mau pamtima. Ife tili ndi mabuku ndi mafoni, ndipo tikafunsidwa vesi timayamba kufufuza m'chikwama. Koma m'nyumba ya siwa magetsi amazima, foni imatha moto, ndipo maso a munthu wa zaka 70 saonanso zilembo zing'onozing'ono. Paulo pokumbutsa Timoteo za chikhulupiriro chake anatchula agogo ake Loisi ndi amai ake Yunike, natinso anadziwa Malembo kuyambira ali wakhanda. Wakhanda sawerenga. Anawamva pakamwa pa akazi awiriwo.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa mabanja. M'nyumba zambiri muli Buku Lopatulika lakale la agogo, chikuto chitachoka, masamba a Genesis ndi a Chivumbulutso atathothoka, lili pansi pa sutikesi kapena pamwamba pa khoma. Pa tsamba loyamba kapena lotsiriza amai ambiri analembapo, kapena analembetsa kwa mphunzitsi, tsiku la ubatizo wao, la ukwati, maina a ana ndi zaka zao zobadwa, ndi mtanda waung'ono pa dzina la amene anamwalira. Ena analembaponso chaka chimene analowa Chigwirizano ndi dzina la amene anawaveka bulauzi yoyera. Mabuku a maminitsi a nthambi zambiri anatayika kapena ananyowa, kotero kuti masamba amenewa m'malo ena ndiwo mboni yokhayo yotsala ya amene anayambitsa Chigwirizano pa mudzi. Amene muli nalo Buku lotere, uzani mwana akopere zolembedwazo m'kope, zaka ndi maina monga zilili, ndipo kope limodzi mupereke kwa mlembi wa nthambi yanu. Bukulo mulikulunge m'pulasitiki ndi kuliika patali ndi khoma ladothi, pakuti chiswe chimayambira pa masamba akunja, pamene pali mainawo.